Kulowa sukulu ya zamalamulo ku Canada ngati ndinu mwana wa eni nthaka: yambirani kwanu, LSAT ibwere pambuyo

Tigwirizane kaye kuti tikunena za ndani, chifukwa apa pamasokonekera anthu ambiri makamaka ife obwera. Ku Canada masukulu pafupifupi onse a zamalamulo ali ndi khomo lapadera la ana a eni nthaka, ndipo malamulo akulu a dzikolo a 1982, pa ndime 35, amatchula magulu atatu basi, omwe masiku ano timati a First Nations, a Inuit ndi a Métis. Nde ngati ndinu Mchewa wa ku Dowa kapena Mngoni wa ku Ntcheu mwaona kabokosi kolembedwa Indigenous pa fomu, musachonge ayi, olo makolo anu akhale kuti sanasamukepo pamudzi chiyambire, kabokosi kameneko sikanu. Zanu nditchulako kumapeto. Malangizo awa ndi a mwana wa mitundu itatu ija, kaya ndi mnzanu wa kukoleji, kaya mlamu wanu kubanja komwe munakwatira, kaya ndi inuyo amene bambo ndi a ku Malawi koma mayi ndi a Cree, umodzi mwa mitundu ya First Nations.

Pali anthu amanyogodola kuti khomo limeneli ndi lachifundo, lolowera ofooka. Aloleni alankhule. Lamulo la Indian Act la 1876 linkati munthu wa First Nations akapeza digiri kapena kukhala loya, basi wachotsedwa m'kaundula wa mtundu wake, ndipo kuchokera 1927 mpaka 1951 unali mlandu kusonkha ndalama zolembera loya woti akamenyere nkhani za malo popanda chilolezo cha boma. Pofika 1973 maloya a eni nthaka dziko lonse lija anali oti mutha kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Khomoli linatsegulidwa chifukwa cha zimenezo, ndipo mukalowa mayeso ake ndi omwewo, digiri yake ya zamalamulo ndi JD yomweyo, palibe amakuchotserani funso.

Choyamba, chaka chathunthu musanaapulaye, konzani umboni woti ndinu wa kwanuko. Anthu ambiri amathamangira kugula mabuku a LSAT, mayeso olowera sukulu ya zamalamulo, nkusiya izi, pomwe izi ndi zomwe zimachedwa kwambiri ndipo sizili m'manja mwanu. Kale kunali kungochonga kabokosi. Koma mu 2021 ndi 2022 a wailesi ya CBC anatulutsa nkhani za mapulofesa otchuka omwe ankati ndi eni nthaka koma umboni wake unali wokaikitsa, ndiye mayunivesite anaumitsa zinthu, ya Saskatchewan mpaka inakhazikitsa ndondomeko mu 2022 yoti maboma a eni nthakawo ndi amene azinena mapepala ovomerezeka. Ngati ndinu wa First Nations wolembetsedwa m'kaundula wa boma, status card yanu, khadi losonyeza kulembetsedwako, ikhale pafupi, onaninso tsiku lake ngati silinadutse, ndipo kalata yochokera ku ofesi ya band yanu, lomwe ndi boma la mtundu wanu, imathandiza. Wa Métis akhale ndi khadi la unzika la bungwe lovomerezeka monga Manitoba Métis Federation kapena Métis Nation of Ontario, osati timabungwe ta pa intaneti togulitsa makhadi kwa aliyense amene wapeza agogo mmodzi wa zaka 300 zapitazo. Wa Inuit amaonetsa kuti analembetsedwa pa mgwirizano wa malo wa dera lake, monga kwa Nunavut Tunngavik kapena Makivik. Kulembetsa kumeneku kumatha miyezi, nthawi zina kudutsa chaka, nde mukayamba mu Okotobala pomwe fomu ikutseka mu Novembala mwadzipweteka nokha.

Nanga amene mapepala ake anasokonekera? Alipo ambiri zedi ndipo si vuto lawo. Azimayi omwe anakwatiwa ndi amuna osalembetsedwa ankataya status mpaka lamulo linasintha mu 1985, ana ena analandidwa nkuperekedwa kumabanja a azungu nthawi ya Sixties Scoop, ena makolo awo anakulira m'masukulu ogonera omwe ana a eni nthaka ankatengeredwako mokakamiza nkuleka kulankhula za kwawo. Ngati ndinu mmodzi wa amenewa musadzibweze nokha. Lembani imelo kwa munthu amene amaona za ophunzira a eni nthaka pa sukuluyo, masukulu ambiri ali naye, mufotokoze chilungamo chake mmene zinakhalira, mufunse kuti amalandira umboni wanji. Chomwe komiti imafuna kuona nchakuti anthu a kwanuko amakudziwani ndipo amakuvomerani, osati inu nokha kunena kuti ndine wakuti. Khoti lalikulu pa mlandu wa Powley mu 2003 linanenanso zomwezo pa nkhani ya a Métis: kudzitchula wekha, kukhala ndi mzere wa makolo, komanso kulandiridwa ndi anthu ake. Ndipo chonde osakokomeza. Ngati munayamba kubwerera kwanu zaka ziwiri zapitazo nenani choncho, osadzipanga ngati munakulira pa reserve, malo omwe boma linapatulira mtundu wanu, anthu owerenga mafomuwa ena ndi a komweko ndipo amadziwana.

Chachiwiri ndi ndalama, ndipo muziyambe nthawi yomweyo mukukonza mapepala. Kuli bodza lofala loti eni nthaka amaphunzira ulere. Zoona zake nzakuti boma limapereka ndalama kudzera mu Post-Secondary Student Support Program, ndalamazo zimapita ku band, band ndi imene imagawa, ndipo zimakhala ngati makuponi a fetereza, mayina mbwee matumba ochepa. Ma band ambiri amayamba kaye ndi ana ongomaliza sekondale komanso amene ali kale pakati pa maphunziro, wofuna digiri yachiwiri ngati ya zamalamulo amatha kudikira pamzere. Nde pitani kapena imbani kwa amene amaona zamaphunziro ku band, mufunse tsiku lotseka mafomu, mufunse ngati amalipira fizi yonse kapena pali malire, ngati amapereka ya lendi ndi chakudya, ngati LSAT ndi mafomu amabweza. Safunsa anadya phula. A Métis ndi a Inuit thandizo lawo limadzera ku mabungwe awo, ndipo pali thumba lina la Unduna wa Zachilungamo lothandiza a Métis ndi a First Nations osalembetsedwa omwe akuphunzira malamulo, limayendetsedwa ndi bungwe la Indspire. Indspire yomweyo ili ndi ma bursary ambiri pa fomu imodzi, lembani chaka chilichonse osatopa. Fizi imasiyana kwambiri, ku University of Toronto imadutsa madola 30,000 pa chaka pomwe ku Victoria siifika olo theka la imeneyo, ndiye muwerengerenso lendi ya Toronto kapena Vancouver ndi tikiti ya ndege yopitira kwanu kukagwa maliro, chifukwa zaka zitatu sizitha osagwa zovuta kumudzi.

Kenako sankhani masukulu, ndipo apa ine maganizo anga ndi oti musatengeke ndi dzina lokha. Ambiri amafuna mukhale mutamaliza zaka zosachepera zitatu za digiri yoyamba, kosi iliyonse, ngakhale kuti ochuluka amalowa atamaliza digiri yonse. Mawerengedwe a magiredi ndi osiyana, Toronto imatenga zaka zitatu zomwe munakhoza bwino, Saskatchewan ziwiri zabwino, Alberta imayang'ana ziwiri zomaliza, ndiye ngati chaka choyamba kukoleji chinakuvutani pali masukulu omwe sachiwerengera nkomwe. Koma funso lalikulu ndi loti mukufuna mukaphunzire chani ndipo mukakhala ndi ndani. University of Victoria inayamba mu 2018 digiri ya zaka zinayi ya JD/JID, momwe mumaphunzira malamulo a Canada pamodzi ndi malamulo a mitundu ngati Cree, Gitxsan ndi Anishinaabe, mbali ina mumakaphunzirira kumidzi komweko, ndipo omwe anayambitsa ndi John Borrows ndi Val Napoleon, onse eni nthaka. UBC ku Vancouver ili ndi pulogalamu ya Indigenous Legal Studies yakalekale komanso kiliniki ya zamalamulo ku Downtown Eastside komwe ophunzira amathandiza anthu enieni pa milandu yeniyeni. Ku Halifax, Dalhousie inatsegula Indigenous Blacks and Mi'kmaq Initiative mu 1989, nthawi ya kafukufuku wa nkhani ya Donald Marshall Jr., mnyamata wa Mi'kmaq yemwe anakhala m'ndende zaka 11 pa mlandu wakupha womwe sanapalamule. Ku Thunder Bay kuli Bora Laskin Faculty of Law ya Lakehead, yaying'ono, yoyang'ana za kumpoto ndi za eni nthaka, ndipo omaliza kumeneko safunikanso articling, kuphunzira ntchito pansi pa loya wamkulu, ku Ontario chifukwa ntchito ya manja inalowetsedwa kale mu maphunziro. Musanasankhe pemphani kuti akulumikizeni ndi wophunzira wa eni nthaka amene ali chaka chachiwiri kapena chachitatu, mumufunse ali angati mkalasi mwake, ngati pali Elder, mkulu wodziwa miyambo, amene amabwera pa sukulu, ngati pali chipinda chawochawo chomwe amaloledwa kufukiza. Zimene angakuuzeni iyeyo simungazipeze mu kabuku kotsatsa sukulu.

Tsopano LSAT. Si mayeso a malamulo ayi, sakufunsani ndime iliyonse, amayesa mmene mumawerengera ndi kugwira mfundo mwachangu. Malikisi amayambira 120 kulekeza 180. Kuyambira Ogasiti 2024 anachotsa gawo lija la logic games, nde mukabwereka mabuku akale musataye nthawi pa gawo limenelo, zatsala ndi magawo awiri a Logical Reasoning, limodzi la Reading Comprehension, ndi lina loyeserera lomwe saliwerengera koma simudziwa kuti ndi liti, lililonse mphindi 35, kuphatikizapo chimangirizo cholemba padera. Njira yake ndi imodzi: mayeso akale enieni, wotchi ili pambali, kenako kukhala pansi nkuona funso lililonse lomwe mwalakwa kuti munalakwira pati. Kuwerenga bukhu la njira osayeserera ndi nthawi nkungodzinamiza. Dzipatseni miyezi itatu kapena inayi, lembani koyamba chapakati pa chaka kuti mukapanda kukhutira mubwerezenso isanakwane nthawi. LSAC, omwe amayendetsa mayesowa, ali ndi fomu yochotsera malipiro kwa osowa ndipo a ku Canada amaloledwa, pemphani musanalembetse osati mutalipira kale. McGill ndi masukulu a Chifalansa a ku Quebec safuna LSAT, koma ku McGill muyenera kumva Chifalansa. Pa khomo la eni nthaka komiti imayang'ana munthu yense osati nambala yokha, komabe musazitenge mwachibwana, nambala yabwino imatsegula ma scholarship.

Personal statement, kalata yodzifotokoza yomwe mumatumiza ndi fomu, ndi pomwe ambiri amadzigwetsa. Pali kaganizidwe koti kuti akutengeni muyenera kukhuthula mavuto onse a banja lanu, za mowa, za agogo ku sukulu zogonera, za m'bale amene anadzipha. Simukukakamizidwa. Nkhani zina si zanu nokha, ndi za mayi anu, za azakhali anu, ndiye afunseni kaye musanazilembe kwa anthu osawadziwa. Ngati vuto lina linagwetsa magiredi a semesita inayake, linene m'mizere iwiri itatu momveka bwino nkupitirira. Chomwe chimagwira mtima owerenga ndi zinthu zooneka. Yerekezani wina alembe kuti ndimakonda chilungamo kuyambira ndili mwana, wina alembe kuti chilimwe china ankalemba maminitsi pa msonkhano wa band council pomwe kampani ya mgodi inabwera ndi maloya atatu ndi chikalata cha masamba 80, mbali ya kwawo kulibe olo mmodzi wodziwa kuti mawu akuti consultation akuwamanga chani. Wachiwiriyo wanena kale chifukwa chake osatchula mawu oti chilungamo. Makalata okuchitirani umboni akhale a mitundu iwiri, ya pulofesa amene anakuphunzitsani nkuona zolemba zanu, ndi ya munthu wa kwanu amene anakuonani mukugwira ntchito, kaya Elder, kaya wa ku friendship centre, malo okumanirapo eni nthaka a mtauni, ngati munakulira mtauni. Kalata ya Chief amene sakukudziwani bwino imaoneka kuti sakukudziwani. Apatseni miyezi iwiri, muwakumbutse mwaulemu. Masukulu a ku Ontario onse mumaapulaya pamodzi kudzera ku OLSAS ndipo amatseka pa 1 Novembala, ena onse aliyense ali ndi fomu yake ndi tsiku lake, lembani masikuwo pakhoma.

Akakutengani, funsani za maphunziro a chilimwe a ku Saskatoon. Anayamba mu 1973 ndi Roger Carter yemwe anali mkulu wa sukulu ya zamalamulo ya Saskatchewan, kwa zaka zambiri inali masabata asanu ndi atatu a Property law, ndipo maloya ndi majaji ambiri a eni nthaka anadzera pamenepo. Pano amayendetsa ndi a Indigenous Law Centre. Ubwino wake ndi pawiri, mumaphunzira kuwerenga milandu ndi kulemba mayeso a zamalamulo anzanu asanayambe, ndipo masukulu ena amakuwerengerani kosiyo moti chaka choyamba katundu amapepukako, koma izi mufunse sukulu yanu ikuyankheni polemba. Chinanso nchakuti mumatuluka ndi anzanu omwazikana dziko lonse, oti mudzawaimbira zaka 20 zikubwerazi.

Chaka choyamba ndi chowawa kwa aliyense. Makosi ake ndi Constitutional, Criminal, Contracts, Property ndi Torts, masamba owerenga ndi ochuluka kuposa maola omwe muli nawo, ndipo makosi ambiri giredi yonse kapena pafupifupi yonse imachokera pa mayeso amodzi a mu Epulo. Amalola kulowa ndi manotsi koma nthawi yotsegula simuipeza. Magiredi amawakokera pakati, ambiri amapeza B, nde ngati munazolowera ma A musaganize kuti mwalephera kapena kuti anakutengani molakwitsa. Manotsi achidule a akale, kumadzulo amati ma CAN, ku Ontario amati ma summary, pemphani ku gulu la ophunzira a eni nthaka sabata yoyamba, koma mupange anuanu chifukwa kupangako ndiye kuphunzira kwake. Ndipo mayeso akale a pulofesa wanu muyambe kuyeserera mu Novembala.

Koma pali kulemera kwina komwe anzanu ena sakusenza. Tsiku lina mu Property mudzawerenga mlandu wa St. Catherine's Milling wa 1888, pomwe majaji a Privy Council ku London anagamula kuti ufulu wa eni nthaka pa malo awo ndi wongogwiritsa ntchito, wodalira kukoma mtima kwa mfumu ya England, ndipo pa mlandu wonsewo a Anishinaabe eni malowo sanaitanidwe nkomwe. Anzanu akulemba manotsi phee, pulofesa akufunsa kuti mfundo yaikulu apa ndi iti, inu mukudziwa kuti akunena nyanja yomwe amalume anu amawedzako. Mu Criminal mudzafika pa mlandu wa Gladue wa 1999 ndi manambala oti eni nthaka ndi anthu 5 pa 100 aliwonse mdzikolo koma m'ndende za boma lalikulu ali pafupifupi mmodzi pa atatu aliwonse, kwa azimayi pafupifupi theka, kenako mitu yonse itembenukira kwa inu ngati ndinu mneneri wa mitundu yoposa 600. Simuli pa ntchito yophunzitsa kalasi. Mutha kuyankha tsiku lomwe mwafuna, tsiku lina nkungoti lero ayi. Wina akalankhula zachipongwe, kaya wophunzira kaya mphunzitsi, lembani tsiku ndi mawu ake, mupite nazo kwa amene amaona za ophunzira a eni nthaka, osalimbana nazo nokha usiku pa WhatsApp. Kuchokera pomwe Truth and Reconciliation Commission ya Murray Sinclair, yomwe inafufuza za masukulu ogonera aja, inatulutsa mfundo zake 94 mu 2015, ya nambala 28 inapempha kuti wophunzira malamulo aliyense azitenga kosi ya eni nthaka ndi malamulo, masukulu ambiri anayamba, ndi zabwino ndithu, koma zabweretsanso mtolo wina: komiti iliyonse, mwambo uliwonse, chithunzi chilichonse cha pa webusaiti akufuna inuyo. Sankhani chimodzi pa chaka, zinazo kanani, ndipo akafuna nthawi yanu yambiri funsani ngati pali malipiro.

Milandu ina imabwezera mphamvu, muiwerenge mofatsa olo isakhale pa mayeso. Calder wa 1973 wa a Nisga'a, Delgamuukw wa 1997 pomwe khoti lalikulu linati mbiri yapakamwa ya a Gitxsan ndi a Wet'suwet'en ndi umboni woyenera kumvedwa, Haida wa 2004 woti boma lizifunsa kaye lisanapereke chilolezo chodula mitengo, Tsilhqot'in wa 2014 pomwe kwa nthawi yoyamba khoti linalengeza kuti dera lakutilakuti ndi la mtundu wakuti. Ndipo kuyambira 2022 pakati pa majaji a khoti lalikulu lomwelo pali Michelle O'Bonsawin, mwana wa eni nthaka a ku Odanak.

Chaka chachiwiri ndi chachitatu mpweya umapezeka. Lowani kiliniki, yesani Kawaskimhon, moot, kapena kuti mlandu woyeserera, yomwe masukulu amakumana chaka ndi chaka koma osati kupikisana, mumakhala mozungulira nkukambirana mpaka mugwirizane, pitani ku msonkhano wa Indigenous Bar Association ngati sukulu ikulipirirani ulendo, nthawi zambiri ndalama yake imakhalapo kungoti anthu safunsa. Musadzimangenso kuti poti ndinu mwini nthaka muyenera kuchita Aboriginal law basi. Kwanu kukufunikanso wodziwa misonkho, makontrakiti a bizinesi, nkhani za ana ndi mabanja, ntchito ndi malipiro, ndipo ngati mtima wanu uli pa zimenezo tengani makosi amenewo osachita manyazi. Patchuthi pitani kwanu, osati kukapereka uphungu wa milandu chifukwa simunaloledwe ndipo azibale adzakufunsani ndithu, auzeni kuti apite ku legal aid.

Mukamaliza JD simunakhale loya. Chigawo chilichonse chili ndi law society yake, bungwe lopereka chilolezo cha uloya, mumachita articling pansi pa loya wamkulu kwa miyezi yosapitirira chaka, mumalemba mayeso kapena kuchita kosi yawo, ku Ontario ndi mayeso awiri a barrister ndi solicitor, ku Alberta, Manitoba ndi Saskatchewan ndi pulogalamu ya PREP. Makampani akuluakulu a mtauni amayamba kusankha anthu kumayambiriro kwa chaka chachiwiri, timaofesi ting'onoting'ono ta kufupi ndi kwanu sititsatsa nkomwe, mumachita kukagogoda nokha, ndiye ngati cholinga ndi kubwerera kumpoto yambani kucheza ndi maloya a kumeneko mudakali chaka choyamba.

Inu a kwathu amene mwawerenga mpaka pano: ngati mukufuna JD ku Canada mumalowera khomo la aliyense, kapena la access, la omwe anakumana ndi zopinga pa maphunziro, pomwe lilipo, ndipo Toronto ili ndi njira yakeyake yowerengera mafomu a ophunzira akuda. Ya ku Dalhousie ija mawu oti Indigenous Blacks asakunamizeni, amatanthauza akuda a ku Nova Scotia omwe mizu yawo ili komweko. JD/JID ya ku Victoria imalandira aliyense, ndipo kwa munthu amene anakula akuona a nyakwawa akuweruza milandu ya malire a munda pabwalo zambiri sizikhala zachilendo. Ngati muli kale ndi LLB ya ku Chancellor College simuyambiranso chaka choyamba, mapepala anu mumatumiza ku National Committee on Accreditation, iwo amakuuzani mayeso kapena makosi oti muwonjezere, kenako ndi pomwe mumapita ku law society ya chigawo chomwe mukukhala.